Lipoti likuti zonse zatheka, nanga madzi akutuluka?

Mayi ena a ku Chawama andilembera imelo. Ali m'komiti ya pulojekiti ya madzi yomwe opereka thandizo akuitseka chaka chino, ndipo akufunsa kuti adziwa bwanji ngati ntchitoyo yathandizadi anthu.

Mayi, funso lanu landifika pamtima, chifukwa inenso ndinayendapo khomo ndi khomo nditanyamula mafomu a bungwe lina. Mafunso ake anali ongowerenga: mijigo ingati yakumbidwa, anthu angati afika pa maphunziro. Pa maphunziropo anthu ankasaina kuti alandire ya transipoti, basi dzina lililonse n'kulembedwa kuti ndi wopindula. Chaka chitatha ndinadutsanso kumeneko. Pampu inali itafa, chogwirira chake atachimanga ndi waya, atsikana atabwerera ku zitsime zosaya ndi zigubu zawo zachikasu. Chikwangwani chokha cha bungwe n'chomwe chinkawala. Lipoti linali litapita kale kunja. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Kuwerenga zomwe zagulidwa si kuyeza phindu ayi, ndikunenetsa. Taonani njanji ya TAZARA. China inathandiza kumanga makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Kapiri Mposhi, ntchito n'kutha mu 1975. Kumanga kunatheka ndithu, koma chomwe chasautsa zaka zonsezi ndi kusamalira njanjiyo ndi sitima zake. Kuno ku Lusaka, America kudzera ku bungwe lake la Millennium Challenge Corporation inaika madola pafupifupi 355 miliyoni pa madzi, zaukhondo ndi ngalande, kuphatikizapo ngalande ya Bombay. Konkire yake tonse tikuiona. Ine chomwe ndimafuna kumva n'chakuti ndani achotse mabotolo ndi mapulasitiki m'menemo mvula isanagwe, ndiponso ndi ndalama za ndani.

Alipo omwe anayeza moyenera. Pulogalamu ya Child Grant, yopereka ndalama kwa mabanja okhala ndi ana aang'ono, itayamba mu 2010 ku Kalabo, Kaputa ndi Shang'ombo, madera anasankhidwa mwa maere: ena kulandira ndalama, ena kuyamba adikira. Ofufuza ankabwerera kukayerekeza magulu awiriwo, ndipo anapeza kuti mabanja olandira akudya bwinopo komanso akugula ziweto. Umboni wotere ndimaukhulupirira, chifukwa pali wina woyerekeza naye.

Zoti muchite

Pemphani ziwerengero za mmene zinthu zinalili ntchito isanayambe. Ziyerekezeni ndi za lero, komanso ndi za dera loyandikana lomwe silinalandire kanthu. Chezani ndi amayi otunga madzi pomwe palibe aliyense wa bungwe: chigubu akulipira zingati, pamzere akuima nthawi yaitali bwanji, mpopi umauma masiku ati? Funsaninso ku kiliniki ngati odwala matenda otsekula m'mimba achepa.

Koma mayi, musasaine pepala lolandira pulojekitiyo asanakulembereni kuti pampu ikafa wokonza ndi ndani, sipeya zigulidwa kuti, ndipo ndalama yake isungidwa ndi ndani.