GOtv kapena dishi ku Area 49?

Achimwene, mwafunsa ngati mugule GOtv kapena DStv mukasamukira ku Area 49. Musanatulutse ndalama, kambiranani kaye ndi eni nyumba, chifukwa ena salola kuti khoma lawo libooledwe pokhoma dishi. GOtv imagwira ndi eriyo, yomwe mungaimangirire pa nsungwi yaitali panja, ndipo tsiku losamukanso mumangoizula. Vuto lake n'lakuti eriyo imasankha malo. Nyumba ikakhala kuchigwa kapena pakati pa mitengo ikuluikulu, zithunzi zimadukaduka. Yang'anani pamadenga a anzanu oyandikana nawo, muwafunse momwe ikugwirira kumeneko.

DStv ndi Azam zimakoka ku setilaiti, ndiye malo sakhala nkhani kwenikweni, kupatula mvula yamphamvu ya Januwale ikamakhuthuka.

Ngati mtima wanu uli pa Premier League, funsitsani phukusi lomwe lili ndi matchanelo a SuperSport oonetsa masewerowo, poti otchipa saonetsa onse. Koma ngati kwanu ndi nkhani za pa MBC, Zodiak ndi Times basi, dikoda ya Kiliye Kiliye, yomwenso imagwira ndi eriyo, ikukwanirani. Ine pa nyumba ya lendi ndingayambe ndi eriyo, dishi idikire kaye.