Kodi tipite nawo ana kunyanja pa Tsiku la Anakubala?

Mayi wina wa ku Area 25 mu Lilongwe wanditumizira imelo. Ali ndi ana atatu: wa zaka 7, wa zaka 4 ndi chitsiriza amene wangokwanitsa zaka 2. Bambo a kunyumba akufuna kuti banja lonse likacheze ku Senga Bay pa Tsiku la Anakubala, koma apongozi akukaniza, akuti nyanja si malo a ana. Ndiye akufunsa kuti: "Tipite, kapena tidikire anawa akule kaye? Ngati n'kupita, tikonzekere chiyani?"

Mayi, pitani nawo. Zimandiwawa kuona mwana wobadwira mu Lilongwe akufika Sitandade 8 nyanja akungoidziwira pa mapu, chikhalirecho ili pa ulendo wa maola awiri kapena kupitirira pang'ono, kudzera msewu wa M14 mpaka ku Salima, kenaka makilomita pafupifupi 20 kukafika kugombe. Koma pa 15 October pomwepo musapite. Tsiku limenelo mabasi ndi maminibasi amakakhuthula anthu kunyanja, zoimbira zili pokopoko, mowa ukumwedwa kuyambira m'mawa, ndipo nkhani za anthu omira zimamveka kawirikawiri pa masiku achikondwerero otere. Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano n'chimodzimodzi. Sankhani Loweruka wamba, kapena pakati pa sabata ana akatsekera sukulu. Anakubalawo mukhoza kuwalemekeza kunyumba ndi chitenje chatsopano ndi nkhuku, nyanja n'kudzapita tsiku lina.

Apongozi anu sakunama ayi, ndipo musawatsutse. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti ana a zaka zoyambira 1 mpaka 4 ndiwo amamira kwambiri kuposa anthu a misinkhu ina, ndipo awiri mwa ana anu ali mumsinkhu womwewo. Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti mwana akamamira sakuwa. Sakupiza manja kuitana munthu. Amangogwa chafufumimba, madzi n'kulowa m'kamwa ndi m'mphuno, ndipo pa kamphindi kochepa zonse zatha, m'madzi olekeza m'mawondo a munthu wamkulu, makolo ali chapafupi pomwepo akuseka. Timati mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo ndi zoona, koma pagombe aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye akuyang'ana. Mayi akuti ana ali ndi bambo, bambo akuti ali ndi azakhali, azakhali ali pa foni kujambula zoika pa Facebook.

Choncho gwirizanani musanatsike m'galimoto. Nthawi ina iliyonse pakhale munthu wamkulu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'ana ana basi: osagwira foni, osasenda nthochi, osamwa mowa, osatembenuka kukacheza ndi ogulitsa ziboliboli. Akatopa, auze mnzake momveka kuti "ana ndakusiyirani," mnzakeyo ayankhe kuti "ndawalandira." Wa zaka 2 ndi wa zaka 4 akhale pomwe dzanja lanu likhoza kuwafikira nthawi yonse imene ali m'madzi. Wa zaka 7 musamusenzetse udindo wolera azing'ono ake, nayenso ndi mwana ndipo wabwera kudzasewera. Ngati apongozi angalole, atengeni. Munthu amene amaiopa nyanja ndiye sachotsa maso pa adzukulu, ndipo akulu atatu pa ana atatu ndiye mwakwana bwino.

Machubu a matayala ndi zoyandamitsa zopopa zija musazidalire. Kamphepo kakangowomba kuchokera kumtunda, mwana amatengedwa pang'onopang'ono kulowera kozama, iye akusangalala. Inu lowani m'madzi poyamba, muyende uku ndi uku kuti mudziwe pomwe pansi pamatsetsereka mwadzidzidzi, chifukwa mchenga wa pansi pa nyanja sukhala wosalala paliponse.

Nyamukani mbandakucha. October ku Salima kumatentha zedi, ndipo pofika masana mchenga umawotcha mapazi a mwana mpaka kulira. M'mawa madzi amakonda kukhala bata, ndiye ana asambire kuyambira cha m'ma 8 koloko, dzuwa likafika paliwombo mukhale pamthunzi, adye, wamng'onoyo agone pamkeka. Mukadzasankha miyezi ya June mpaka August, dziwani kuti ndi nyengo ya mwera: mafunde amakula, kumazizira, ndipo tsiku lina simungalowetse mwana m'madzi n'komwe. Zipewa, masilipasi, mathaulo, zovala zosinthira kawiri ndi matewera okwanira, zimenezi mukuzidziwa kale. Mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi abwino kwa mwana aliyense, koma kwa mwana wachialubino ndi okakamiza, pamodzi ndi malaya a manja aatali.

Za malo, ine ndimalangiza kuti mulipire kangachepe kolowera pa loji yomwe ili ndi gombe lake, mthunzi ndi chimbudzi. Imbani foni kaye mufunse ngati gombelo lilipo, pakuti m'chaka cha 2024 madzi a m'nyanja anakwera kwambiri mpaka kumiza mchenga ndi nyumba zina za m'mbali mwa nyanja. Pewani malo a bango ndiponso pomwe mtsinje umathira m'nyanja, chifukwa ndi komwe kumakonda ng'ona ndi mvuu. Funsani asodzi kapena ogwira ntchito pamalopo, amadziwa bwino pomwe pali chiopsezo. Dzuwa likapendeka kwambiri, onse atuluke m'madzi.

Anyamata a maboti adzakufikirani kuti akakuzungulitseni kuchilumba cha Namalenje, chimene chimaonekera kugombe la Senga Bay. Ulendowo ndi wokoma, koma ngati alibe majekete oyandamitsa a msinkhu wa ana anu, akanireni mwaulemu. Jekete la munthu wamkulu limavuka mwana akangogwera m'madzi. Ndipotu ana a misinkhu imeneyi sasowa boti. Apatseni kandowa ndi makapu akale a pulasitiki, adzakumba zitsime ndi kuumba nyumba za mchenga mpaka kuiwala njala. Madzulo pang'ono yendani nawo kukaona mabwato, usipa woyanikidwa ndi asodzi akusoka maukonde a chilimira. Wamkuluyo muuzeni kuti tinsomba tamitundumitundu totchedwa mbuna, timene timakhala m'miyala, tambiri sitipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndipo n'chifukwa chake dera la ku Cape Maclear linakhala malo otetezedwa mu 1980, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe la UNESCO n'kuliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Adzakafotokozera anzake kusukulu monyadira.

Madzi akumwa tengani kunyumba, ambiri kuposa momwe mukuganizira, ndipo ana muziwamwetsa asanapemphe. A m'nyanja asamwe. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja, choncho sopo wosambira m'manja ndi mapaketi a Thanzi obwezeretsa madzi m'thupi asasowe m'chikwama. Mpunga, mbatata yophika, mazira ndi nthochi zimayenda bwino. Mukafuna nsomba yootcha, chambo ndi chokoma koma chili ndi minga. Kwa ana kampango ndiye wabwino, ndipo mumuchotsere nokha mnofu ndi zala.

Tsopano za likodzo, chifukwa ambiri amachita ngati kulibe. Lilipo m'madera ena a nyanja yathu, makamaka m'madzi odekha, a udzu ndi bango, pafupi ndi midzi pomwe anthu amachapira ndi kusamba. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi n'kulowa kudzera pakhungu, munthu osamva kanthu. Kupukuta mwana ndi thaulo akangotuluka kumathandiza pang'ono, koma sikuteteza kotheratu. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amagawa m'sukulu, ndipo sagwira bwino ntchito tizilombo tikadali tating'ono, ndiye kumwa tsiku lomwe mwabwerako n'kutaya chabe. Pakatha pafupifupi miyezi iwiri, pitani nawo kuchipatala munene kuti anasambira m'nyanja, akawayeze mkodzo. Kwa ana awiri aang'onowo musagule nokha mapiritsi, mlingo wake auone ndi adokotala. Mukaona magazi mu mkodzo musadikire miyezi iwiriyo.

Yesetsani kunyamuka cha m'ma 3 koloko kuti mukafike mu Lilongwe kusanade, popeza msewu wa Salima usiku umakhala ndi njinga, ngolo ndi mbuzi zosaoneka msanga, komanso woyendetsa amakhala atatopa ndi dzuwa. Mukaganiza zogona konko, funsani chipinda chokhala ndi neti yosabooka. Ndipo mwana aliyense akatentha thupi m'masabata awiri kapena atatu otsatira, mukamuyezetse malungo tsiku lomwelo.