Foni ya pakati kwa munthu wa geni ku Senga Bay: A15, Redmi Note 13 kapena Spark 20 Pro?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Senga Bay. Iwo amagulitsa usipa wouma ndi mpunga kwa makasitomala aku Lilongwe ndipo geni yonse imayendera pa foni, kuika zithunzi pa status, kulandira ma oda pa WhatsApp, ndalama kulowa pa Airtel Money ndi Mpamba, kenako katundu kukweza minibasi. Foni yawo yakale yatopa, ikumazima yokha batire ikadali pa 30. Akuti mu shopu ina aonetsedwa mafoni atatu omwe mitengo yake ndi yoyandikana, Samsung Galaxy A15, Redmi Note 13 ndi Tecno Spark 20 Pro, ndiye msuweni wawo wa ku Joni naye akuwauza kuti asiye zonsezo awagulitse iPhone 11 yogwiritsidwapo kale ntchito. Funso lawo ndi lakuti pa zinayizi ndalama yawo siipita pachabe pa iti, chifukwa ayisunga miyezi yambiri ku banki m'khonde.

Achemwali, ndikuyankheni pompano musanatope ndi kuwerenga. Ine ndikanatenga A15 koma ya RAM (memory yomwe foni imagwiritsa ntchito poyendetsa ma app) 6GB kapena 8GB osati ya 4GB ija ayi, ndipo mukapeza mng'ono wake A16 pa mtengo woyandikana tengani iyeyo. iPhone ya msuweni isiyeni. Koma musathamange kaye, pali malo awiri omwe Samsung ikugonja ndipo malo amenewo kwa ife akunyanja ndi ofunika zedi, mukawamva mwina musankha zina ndipo sindikudandaulani.

Tiyambe ndi zomwe wogulitsa anakuuzani, ndikudziwa anayambira pa kamera. Redmi ndi Tecno zonse pabokosi palembedwa 108MP pomwe A15 ndi 50MP basi, ndiye munthu umaona ngati ukubedwa ukatenga ya 50. Zoona zake ndi zakuti kamera ya 108MP ija mukangojambula mwa nthawi zonse imaphatikiza timadontho 9 kukhala kamodzi ndipo chithunzi chimatuluka cha 12MP, kenako mukachiponya pa status WhatsApp nayo imachifinyanso kuti chisadye bandulo. Kasitomala wa ku Area 25 akamaona usipa wanu pa thandala sangadziwe kuti mwajambula ndi foni iti. Chomwe angaone ndi chakuti mwajambula m'mawa dzuwa lisanakwere kapena masana kuli phwee, komanso ngati munapukuta galasi la kamera, poti manja ogwira nsomba amasiya mafuta pagalasi ndipo chithunzi chimatuluka ngati kuli nkhungu. Pa kamera atatuwa ndi ofanana pa ntchito yanu, musaonjezere ngakhale K1,000 chifukwa cha nambala imeneyo.

Chachiwiri chomwe chimapusitsa anthu ambiri ndi RAM. Muona palembedwa 16GB ndi zilembo zikuluzikulu kenako pansi timalemba ting'onoting'ono 8+8. RAM yeniyeni pamenepo ndi 8 yoyambayo, inayo foni imangobwereka ku malo osungira zinthu ndipo siyithamanga ngati yeniyeni. Tecno amaitcha Memory Fusion, Samsung amati RAM Plus, onse amachita. Inu mufunse nambala yoyamba yokha. Apa Spark 20 Pro ndiyiyamikire, imabwera ndi 8GB yeniyeni ndi malo a 256GB, pomwe A15 yotchipa kwambiri ndi ya 4GB ndi 128GB, ndiye ogulitsa ena amakuonetsani ya 4GB ija kuti mtengo uoneke wofanana ndi wa Tecno. Foni ya 4GB chaka choyamba imayenda bwinobwino koma mukakhala m'magulu a WhatsApp a tchalitchi, a banki m'khonde, a ochita geni, onse akutumiza mavidiyo, muyamba kuona kuti mukachoka pa WhatsApp kupita pa Facebook pobwerera ikuyambiranso. Ngati ndalama yanu ikukwana A15 ya 4GB yokha, pamenepo yankho langa lasintha, tengani Tecno kapena Redmi.

Injini yake ndidutsepo msanga. A15 ndi Spark 20 Pro zonse zili ndi Helio G99 ya MediaTek, imodzimodzi ndendende, Redmi Note 13 ili ndi Snapdragon 685 yomwe mphamvu zake zili cha pomwepo, kutsikirako pang'ono. Palibe yomwe ingakuvuteni.

Sikirini ndiye nkhani yeniyeni kwa munthu wogwira ntchito padzuwa. A15 ndi Redmi zili ndi AMOLED, Spark 20 Pro ndi LCD. M'shopu muli mthunzi zonse zimaoneka zokongola, koma pagombe 11 koloko asodzi akufika, mchenga ukuwala, inu mukufuna muone ngati meseji ya ndalama yalowa musanapereke katundu, apo ndi pomwe sikirini yowala imaonekera phindu lake ndipo pa zitatuzi yowala kwambiri ndi ya Redmi, A15 ikubwera pambuyo. Mupempheni wogulitsa mutuluke nayo pakhonde muione padzuwa, akakana ndiye kuti si shopu yogulamo.

Tsopano pomwe Samsung ikugonja koyamba, kutchaja. Onse atatu batire ndi 5000mAh ndipo tsiku amatha bwinobwino. Koma A15 imalandira 25W pomwe Redmi ndi Tecno ndi 33W, komanso choipa kwambiri m'bokosi la A15 mumapezeka chingwe chokha, mutu wa tchaja mugula padera, pomwe anzakewo amakupatsani zonse. Ndiye pa mtengo wa Samsung muonjezerepo wa tchaja, ndipo ikhale yeniyeni, osati zija za pa msika zopepuka ngati chikho cha pulasitiki, zimenezo ndi zomwe zimapha mabatire ambiri kuno. Magetsi athuwa mukuwadziwa, amatha kubwera ola limodzi nkuthimanso, ndiye foni yomwe imamwa moto msanga pa ola limenelo ndi yothandiza. Ichi sindikuchichepetsa.

Ndionjezepo za kutentha poti anthu ambiri sadziwa kuti chimapha batire ndi chiyani. Batire za mafoni sizigwirizana ndi kutentha, Apple, kampani yopanga iPhone, nayo imachenjeza kuti kupyola madigiri 35 batire imatha kuonongekeratu, ndipo inu mukudziwa mmene Salima amakhalira mu October ndi November. Foni kuisiya pa thandala padzuwa, kuitchaja ili pansi pa pilo, kuitchaja pa sola masana nyumba ya malata itatentha uku mukuonera TikTok, zonsezi zimafupikitsa moyo wa batire kaya ndi ya kampani iti. Ndikuganiza kuti foni yanu yakaleyo inafa ndi zimenezi.

Nanga bwanji ndikukakamirabe A15? Ndi zaka. Samsung inalonjeza kuti A15, yomwe inatuluka mu December 2023 ndi Android 14, ilandira ma Android atsopano 4 ndi ma update a chitetezo kwa zaka 5, ndipo A16 yomwe inabwera kumapeto kwa 2024 anaipatsa zaka 6. Mafoni a Spark nthawi zambiri amasiyidwa msanga, Redmi ili pakatikati. Sikuti ma update akatha foni imazima ayi, imagwirabe ntchito, koma foni yanu ndi chikwama cha ndalama, muli Airtel Money, muli Mpamba, mwina ndi app ya banki, ndiye ine ndimafuna munthu wotere akhale ndi foni yomwe mabowo ake akutsekedwabe. Komanso foni yoti ikulandirabe ma update imagulitsika bwino tsiku lomwe mudzafune kusintha. Ndalama yogulira foni muziigawa ndi zaka zomwe ikutumikireni, foni yodulirapo pang'ono yokhala zaka 4 ndi yotchipa kuposa yomwe muisinthe pakatha zaka 2, makamaka ndi mmene kwacha ikuyendera, munaona nokha itagwa ndi 25% mu May 2022 kenako ndi 44% mu November 2023, ndipo mafoni onsewa amagulidwa kunja ndi madola. Foni yomwe mukugula lero mudzaifuna pa mtengo wina.

China chaching'ono koma chimandipweteka ine, mafoni a Tecno ndi Redmi amabwera ndi ma app ambiri omwe simunapemphe ndipo ena amaponya zotsatsa malonda, zimenezo zimadya bandulo mwakachetechete. Samsung nayo ali nawo koma ochepa. Iliyonse yomwe mugule, tsiku loyamba lomwelo chotsani zosafunika ndipo mu Play Store muike kuti ma app azipanga update pa Wi-Fi pokha.

Pogonja pachiwiri ndi pokonzetsa, ndipo apa Tecno ndi mfumu. Tecno, Infinix ndi itel ndi ana a nyumba imodzi, kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, ndipo poti mafoni awo ali paliponse, anyamata okonza mafoni pa Kamuzu Road anawazolowera, zipangizo zake sizivuta. Sikirini ya LCD ikasweka kusintha kwake nkotchipa. Ya AMOLED ndi yodula, ndipo kawirikawiri wokonza amakuikirani ya LCD yotchipa m'malo mwake, foni nkuyamba kuoneka yofooka mitundu. Redmi vuto lake ndi lomweli, komanso zipangizo zake mwina mudikira kuti zichokere ku Lilongwe, masiku amenewo geni itaima. Choncho mukatenga A15 kapena Redmi musatuluke mu shopu opanda kava ndi galasi loteteza sikirini. Ngati mukudziwa mumtima mwanu kuti foni mumaigwetsa pafupipafupi, kapena ana amaseweretsa madzulo, Spark 20 Pro ikusungirani ndalama kuposa zinazo, izi ndikunena moona.

Za madzi musanamizidwe. A15 ilibe chitetezo cha madzi cholembedwa, Redmi Note 13 ndi A16 zili ndi IP54, kutanthauza fumbi ndi madontho a mvula basi. Yogwera m'nyanja nkutuluka yamoyo imayambira pa IP67 monga Galaxy A35 ndi A55, ndipo zimenezo mtengo wake ndi wina. Waranti nayo sikhudza foni yolowa madzi. Kajumbo kotseka pakamwa kaja kakuthandizani kwambiri mukamatsikira ku maboti, kamatetezanso mchenga kulowa potchajira.

iPhone 11 ndi foni yabwino, kamera yake mpaka lero imajambula bwino, koma ndi ya 2019. Batire yake ili yatsopano inali 3110mAh ndiye ganizani patapita zaka zonsezi. Zambiri zimalowa SIM imodzi yokha ya pulasitiki, yachiwiri ndi eSIM (SIM yopanda kakhadi, yoikidwa ndi kampani ya netiweki mkati mwa foni), pomwe inu mukufuna Airtel ndi TNM zonse zikhale mufoni chifukwa kasitomala amatumiza ndalama komwe iye ali nazo. Tchaja yake ndi Lightning, mukaiwala kunyumba simubwereka kwa mnzanu wa pa benchi. Ndipo ikavuta mukadandaula kwa ndani, kwa msuweni ali ku Joni? Chibale chimaonongeka ndi zinthu ngati zimenezi. Muwathokoze bwinobwino muwauze kuti mukufuna ya ma SIM awiri.

Pogula pake ndikupempheni mudekhe, chifukwa ine zinandionekera. Zaka zapitazo ndinagulira mayi anga foni mu shopu ina m'tauni, bokosi lokongola lomata bwino, pofika kunyumba patatha masiku ochepa inayamba kunena kuti malo adzadza muli zithunzi zochepa chabe, wokonza atayang'ana anandiuza kuti ndi yachinyengo, nambala zomwe imaonetsa zinali zabodza. Lisiti ndinalibe poti ndinkathamangira minibasi. Mayi sanadandaule koma ine zinandiwawa kwa nthawi yaitali chifukwa inali ndalama ya mpunga wawo.

Ndiye inu muli mu shopu momo imbani *#06#, nambala ya IMEI (nambala yozindikiritsa foni iliyonse payokha) yomwe ituluke ifanane ndi ya pabokosi, ndipo ailembenso pa lisiti pamodzi ndi tsiku ndi miyezi ya waranti. Pa Samsung yeniyeni mukaimba *#0*# pamatuluka malo oyesera sikirini, sipika ndi zina, yesani zonse musachite manyazi. Ikani ma SIM anu onse awiri muone netiweki, muimbire munthu mumve mawu. Foni iyambe ngati yatsopano ikufunseni chiyankhulo ndi akaunti ya Google, mukapeza muli kale akaunti ya munthu wina ibwezeni. Samalaninso ndi mafoni otchipa modabwitsa a pa Facebook, ena ndi a ngongole omwe mwini wake sanamalize kulipira, amagwira ntchito masiku angapo kenako nkudzitseka.

Onaninso polowetsa ma SIM. Pa A15 ndi Redmi Note 13 malo a SIM yachiwiri ndi omwewonso a memory card, ndiye poti inu ma SIM awiri ndi okakamiza, memory card simuikamo, nchifukwa chake ngati kusiyana kwa mtengo kuli kopiririka tengani ya 256GB. Ndipo musanapereke foni yakaleyo kwa mwana, pangani kaye backup ya WhatsApp pa Google Drive ndipo manambala a makasitomala aku Lilongwe muwasunge pa akaunti ya Google osati pa foni, password yake mulembe mu kope lomwe mumalembamo ngongole za usipa.