Kodi ku Scotland kuno kuli choti munthu n'kujambula?

Mayi wina amene anafika ku Scotland chaka chatha kudzagwira ntchito ya unamwino wandilembera imelo kufunsa ngati n'kwanzeru kugula kamera m'dziko lopanda njovu ndi mvuu, limene nyama yake yotamandika ndi gologolo. Mayi, funso lanuli landilasa mtima, chifukwa mawu amenewa ndi omwe ndinkayankhula ine m'chaka changa choyamba ku Edinburgh.

Ndinafika mu Novembala, ndipo pofika Disembala dzuwa linkalowa 4 koloko isanakwane, moti ndinkapita kuntchito kuli mdima n'kuweruka kulinso mdima. Mitengo inali itayoyola masamba onse, ine n'kumaiyesa youma, yongodikira nkhwangwa. Anzanga akamasimba mokondwa kuti aona kambalame kofiira pachifuwa kotchedwa robin, ndinkaseka chamumtima pokumbukira njovu za ku Liwonde ndi mbidzi za ku Nyika, chikhalirecho ku Nyikako ndinali ndisanapondeko, ndipo mbalame zimene ndinkazidziwa bwino zinali zokhazo zimene ndinkagenda ndi legeni kapena kukola ndi ulimbo ndili mwana ku Dedza.

Zinthu zinasintha mu Febuluwale, tsiku lina ndikudutsa pamanda akale, pamene ndinaona timaluwa toyera tozolika mitu, totchedwa snowdrop, titaphuka panthaka yozizira ngati madzi a m'firiji. Ndinatijambula ndi foni nditaimirira, koma chithunzicho chinangooneka ngati mapepala otayidwa paudzu. Mawa lake ndinabwerera, ndinagwada pamatope mpaka thalauzi kunyowa, ndipo m'pamene ndinaona mizere yobiriwira imene ili m'kati mwa duwalo. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwerenga miyezi potsata maluwa, monga momwe kwathu timadziwira nyengo poona ngumbi ndi bowa. Mu Malichi kumabwera daffodil wachikasu, ndipo kumapeto kwa Epulo mpaka mu Meyi nkhalango zimayala bluebell pansi ponse. Maluwa a m'nkhalangowa amafulumira chonchi pofuna kulandira dzuwa mitengo isanaphuke masamba n'kuwatchinga, choncho mukachedwa ndi milungu itatu yokha mudzadikira chaka chamawa.

Koma chimene chinandichititsa manyazi kwenikweni ndi namzeze. Ndinamuona mu Epulo akuuluka chapansipansi pafamu ina, ndipo ndinaima kakasi ngati ndakumana ndi mbale wanga kudziko la eni. Anamzeze a ku Britain amathawira kumwera kwa Africa kukazizira, ndipo zimenezi zinatsimikizika pamene mmodzi amene anavekedwa kamphete ku Staffordshire, ku England, mu 1911 anapezeka ku Natal, ku South Africa, mu Disembala 1912. Ambiri mwa anamzeze amene amandandalika pamawaya kwathu m'nyengo ya mvula amakhala atachokera kumayiko a kumpoto kuno. Kambalame kosakwana m'chikhatho kamayenda ulendo umene ine ndimaudandaula nditakhala pampando wa ndege.

N'chifukwa chake masiku ano sindivomereza munthu akamanena kuti kuno kulibe zachilengedwe. Amene amatero sanayang'ane, ndipo ndikuganiza kuti ambirife tinazolowera kuyeza nyama ndi kukula kwake kapena kukoma kwa ndiwo yake. Ngakhale gologolo amene mukumunyozayo ali ndi mbiri yake. Wofiira ndiye mwini nthaka, koma wotuwa, amene anthu anabwera naye kuchokera ku North America m'zaka za m'ma 1870, amamulanda chakudya ndiponso amamupatsira matenda amene wotuwayo safa nawo, moti ambiri mwa agologolo ofiira otsala ku Britain ali ku Scotland kuno. Ndinakhala maola awiri patsinde pa mtengo wa paini kuti ndipeze chithunzi chimodzi chabwino, ndipo kudekha kumene ndinaphunzira podikira mpheta paulimbo n'kumene kunandithandiza. Akuluakulu sananame ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amene amandikwiyitsa ndi anthu amene amagona pakati pa bluebell kuti ajambulitse zoika pa Facebook. Masamba a duwali akapondedwa amatenga zaka kuti abwererenso, ndipo chithunzi chotero ine ndimachiona ngati umboni wa mlandu.

Nanga kamera mugule?

Musafulumire. Pa maluwa foni yanu ndi yokwanira, bola mugwade kuti mufanane nalo msinkhu duwalo, ndipo mupite m'mamawa kapena tsiku la mitambo, chifukwa dzuwa la masana limafufutitsa mitundu. Mbalame ndi zimene zimafuna kamera yokoka zakutali, ndipo yogwiritsidwapo kale ntchito imakwanira. Musanawononge ndalama, dzayeseni kaye kukwera boti ku Anstruther, tauni ya m'mphepete mwa nyanja kum'mawa kwa Scotland, mu Juni kupita pa chilumba cha Isle of May, kumene mbalame za milomo yamawangamawanga zotchedwa puffin zimatera pafupi ndi njira zitanyamula tinsomba kukamwa. Mudzatenge jekete yokhuthala, chifukwa panyanjapo mphepo imaluma ngakhale kumtunda kutawala dzuwa.