Silikoni pa gasiketi ya manifodi: mupake kapena ayi?

Mmodzi mwa inu wanditumizira imelo ndi funso ili: "Galimoto yanga ikaima injini ikulira, imanjenjemera kenako n'kuzima. Ndachotsa manifodi yolowetsa mpweya ndipo gasiketi yatsopano ndagula kale. Mnzanga akuti ndiipake silikoni mbali zonse ziwiri kuti isadzavutenso. Kodi nditero?"

Achimwene, musatero. Gasiketiyo muike youma, pokhapokha ngati buku la injini yanu kapena kapepala kobwera ndi gasiketiyo kanena zopaka. Ndipo kakanena, kamatchula malo enieni, osati kumata paliponse.

Gasiketi zambiri za masiku ano ndi za labala yomwe imalowa m'kangalande ka manifodi ya pulasitiki, kapena ndi zachitsulo chopyapyala chokhala ndi kamzere ka labala kuzungulira bowo lililonse. Zimatseka chifukwa mabawuti azipanikiza pamlingo womwe wopanga anayeza. Silikoni yaiwisi ndi yoterera. Mukamamanga, labala ija imatha kutsetsereka n'kutuluka m'kangalande kake, kapena kupanikizika mbali imodzi, ndiye mpweya umapeza njira pomwe mumafuna kutseka pomwepo. Komanso silikoni wamba sagwirizana ndi petulo, imafewa ikamanyowa nayo. Pa injini ya kabuleta, kapena yomwe ma injekita ake amapopera pafupi ndi gasiketi, zomwe mwapaka kuzungulira mabowo a mpweya sizikhalitsa.

Chomwe chimandipweteka mtima kwambiri ndi silikoni yofinyikira mkati. Yakunja mumaiona n'kuipukuta. Yamkati imauma ili lende, kenako imathothoka. Ndinatsegulapo sampu (chibeseni cha oyilo cha pansi pa injini) ya injini ina yomwe nyali yake ya oyilo inkangophethira, ndipo pa kasefa ka pampu ya oyilo ndinapeza timizere tofiira tonga nyongolotsi, titatseka pafupifupi theka la kasefako. Mwini wake anali atagwira ntchitoyo ndi mtima wabwino, ankangofuna kuti isadonthe. Tizidutswa totere tikalowera kunjira ya madzi timakatsekanso timapaipi ta rediyeta ndi ta hita. Ndipo silikoni ija yonunkha ngati viniga, nthunzi yake imaononga sensa ya okosijeni, kachipangizo koyeza mpweyawu mu utsi wa injini. Ngati mufunika kugula, onani kuti pachubu palembedwa kuti siononga masensa.

Koma alipo malo omwe silikoni imafunikadi, ndipo mnzanu uja mwina anaonera pamenepo. Pa injini zambiri za V6 ndi V8 (zomwe masilinda ake ali m'mizere iwiri yopanga chilembo cha V), monga V8 yaing'ono ya Chevrolet yomwe inayamba kupangidwa mu 1955, manifodi imagwiranso ntchito ngati chivundikiro cha chigwa chapakati pa mahedi awiri, momwe mumadutsa oyilo. Kutsogolo ndi kumbuyo kwa chigwacho kuli timakoma tomwe manifodi imakhalapo. Amakaniko ambiri amataya timalabala tobwera ndi gasiketi n'kuika mzere umodzi wa silikoni wokhuthala pafupifupi mamilimita 6, wosadukiza. Pamakona anayi pomwe hedi, buloko ndi manifodi zakumana amadonthezaponso pang'ono, chifukwa palibe gasiketi yomwe ingatseke bwino pamphambano yotero. Akale ena amapakanso kochepa kwambiri kuzungulira mabowo a madzi ngati aluminiyamu yadyeka. Injini ya masilinda anayi amzere umodzi nthawi zambiri ilibe timakoma timeneti.

Pomwe ntchitoyi imalakwika kawirikawiri ndi pokonza malo ndi pomanga. Tsekani kaye mabowo a hedi ndi nsalu zoyera, ndipo muziwerenge kuti mudzazichotse zonse. Palani zotsalira za gasiketi yakale ndi chopalira cha pulasitiki. Musagwiritse ntchito timadisiki tokhula tomangirira pa dirilo: timadya aluminiyamu, ndipo fumbi lake likalowa mu oyilo limakadya mabeyaring'i. Pukutani ndi mankhwala otsukira mabuleki mpaka nsalu izibwera yoyera. Kenako gonekani rula yachitsulo yowongoka pa manifodi, muone ngati kuwala kukudutsa pansi pake. Ngati yapindika kapena ili ndi mng'alu, silikoni singawongole.

Mabawuti ake ndi ang'ono, ndipo ambiri amawamanga mopyola. Pa manifodi za pulasitiki mlingo umakhala wochepa, nthawi zambiri cha m'ma 10 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira bawuti), koma nambala yeniyeni muitenge m'buku. Gwiritsani ntchito torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangirayo, muyambire pakati kupita kunja mopingasa, kawiri kapena katatu, osati kumaliza bawuti imodzi kamodzin'kamodzi. Ngati mwaika silikoni pamakona aja, khazikani manifodi silikoniyo isanayambe kuuma pamwamba, ndipo muipatse maola 24 musanalize injini.

Popeza manifodi ili kale pansi, yang'ananinso timapaipi tonse ta vakyumu ndi paipi ya PCV, yomwe imabweza nthunzi ya m'kati mwa injini ku manifodi. Kang'alu kakang'ono pamenepo kamanjenjemeretsa injini chimodzimodzi ndi gasiketi yotha, ndipo pa makina oyezera zonse ziwiri zimatha kuonetsa nambala yofanana, P0171, yotanthauza kuti mpweya wachuluka poyerekeza ndi petulo.