Mwana wapezeka ndi mtovu m'magazi: mungasume bwanji?

Mayi, mwalemba kuti pafupi ndi nyumba yanu pali fakitale yomwe imaphwanya ndi kusungunula mabatire akale a galimoto, kuti utsi ndi fumbi zimafika mpaka pakhonde, ndipo mwana wanu wa zaka zinayi wapezeka ndi mtovu m'magazi. Mukufunsa ngati mungawatengere kukhoti.

Mungathe. Malamulo salola munthu kugwiritsa ntchito malo ake mowononga thanzi la oyandikana naye, ndipo wosunga zinthu zoopsa ali ndi udindo woonetsetsa kuti sizikutulukira kwa anzake. Ku Malawi, lamulo la Environment Management Act la 2017 limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi osaika thanzi pachiswe. Khoti lingakupatseni zinthu ziwiri: chiletso choimitsa ntchito yoipitsayo, ndi chipukuta misozi.

Koma milandu yotere imagwera pa umboni. Woweruza sakana kuti mtovu ndi poizoni. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tingati ndi wosavulaza, ndipo thupi la mwana limayamwa mtovu wochuluka kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu. Funso la woweruza ndi lina: mtovu uli mwa mwanayu wachokeradi kufakitale imeneyi? Loya wa kampani adzaloza penti yakale ya pakhoma, adzaloza madzi, adzafunsa ntchito imene bambo a mwana amagwira. Ndi inu wodandaula amene muyenera kusonyeza kuti, zonse zikayikidwa pasikelo, fakitaleyo ndiyo gwero.

N'chifukwa chake ndikuti yambani lero. Mtovu sukhalitsa m'magazi. Pakatha mwezi umodzi kapena kuposerapo pang'ono theka lake limakhala litachokamo, wambiri n'kukabisala m'mafupa momwe umakhala zaka zambirimbiri. Mukadikira chaka, pepala la kuchipatala likhoza kudzaonetsa nambala yaing'ono pomwe ubongo wa mwana unavulala kale. Sungani pepala loyambalo, lokhala ndi deti, chidindo ndi dzina la dokotala, ndipo ena onse a m'nyumba akayezetsenso. Dothi la pabwalo ndi fumbi la pazenera musadzitapire nokha m'kapepala, chifukwa adzati munalitenga kwina. Atape ndi akatswiri a labotale kapena a boma, alembe malo ndi tsiku. Jambulani utsi ukamatuluka. Malisiti a mankhwala ndi a ulendo wa kuchipatala, ngakhale aang'ono bwanji, asatayike. Ndipo pamene zonsezi zikuchitika, mwana asamasewere pa dothilo. Mlandu ukhoza kudikira, iye ayi.

Kenako lembani kalata yodandaula kubungwe loona za chilengedwe la MEPA ndi kukhonsolo, ina ipite kwa eni fakitale, ndipo pa kope yanu asayinire kuti alandira. Anthu amaipeputsa kalata imeneyi. Mu 1993 khoti lalikulu la ku Britain linakana kupereka chipukuta misozi pa mlandu wa Cambridge Water, ngakhale mankhwala a fakitale yofufuta zikopa anafikadi m'chitsime, chifukwa panthawi imene ankatayika palibe akanadziwa kuti angawononge motero. Kampani yolandira kalata yanu n'kupitiriza kufukiza ilibenso pothawira potero.

Za nthawi: mlandu wa kuvulala m'thupi uyenera kufika kukhoti pasanathe zaka zitatu. Kwa mwana lamulo limapereka mpata mpaka atakula, ndipo panopa inu ndi amene mungasume m'malo mwake, koma musatsamire mpata umenewo. Makampani amatseka, mboni zimasamuka. Mgodi wa mtovu wa ku Kabwe ku Zambia unatsekedwa mu 1994, mlandu wa anthu a kumeneko unakalowa kukhoti la ku Johannesburg mu 2020, ndipo mu 2023 khotilo linakana kuti upitirire ngati mlandu wa gulu.

Ngakhale zili choncho, kusuma pamodzi ndi anansi anu n'kwanzeru. Ana khumi a mbali imodzi ya fakitale akapezeka ndi mtovu wokwera, nkhani ya penti ija imafooka, komanso ndalama zolipira akatswiri mumagawana. Ngati simungakwanitse loya, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu osowa ndalama pa milandu.

Mwatinso a kampani anabwera ndi ndalama "zothandizira kuchipatala" pamodzi ndi pepala loti musayine. Musasayine loya asanaliwerenge. Mapepala otere kawirikawiri amakhala ndi mzere wonena kuti nkhani yatha ndipo simudzafunanso kanthu, pomwe mavuto a mtovu, monga kuvutika kugwira zinthu m'kalasi, amadzaonekera bwino mwana atayamba sukulu. Ngati akufunadi kuthandiza, alipire chithandizocho ndipo pepala linene poyera kuti ufulu wosuma udakalipo.