Mustang, Impala kapena Cadillac? Yankho langa kwa achimwene a ku Lilongwe

Kalata yanu ndinaiwerenga Lachiwiri usiku, achimwene, ndipo tulo sindinatione bwino. Mwati mwasunga ndalama kwa zaka zisanu ndi chimodzi kuti muitanitse galimoto yakale ya ku America, ndipo mtima wagawikana pakati pa Ford Mustang ya 1967, Chevrolet Impala ya 1964 ndi Cadillac ya 1959 ija ya zipsepse kumbuyo. Mukufunsa kuti mutenge iti. Ndiyankha, koma mundilole ndiyambire patali, chifukwa njira mukufuna kuyendayi ine ndinaiyenda kale ndipo minga yake ina ikadali m'phazi.

Malume anga anali mtchona. Anapita ku Joni ine ndisanabadwe, ankagwira ntchito yophika, ndipo kwathu ku Thondwe tinkangowadziwira pa chithunzi chimodzi chimene agogo ankasunga m'Baibulo. M'chaka cha 1981 anatulukira madzulo ena atakwera Valiant ya 1968 yobiriwira, pamwamba atamangirira njinga ndi makina osokera. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndimakumbukirabe mpando wakutsogolo, umodzi wautali ngati benchi ya m'tchalitchi, umene tinkakhalapo ana anayi ndi malumewo, giya ili pa chiwongolero. Fungo la mpandowo ukawombedwa ndi dzuwa ndikhoza kulizindikira ngakhale lero nditatsinzina.

Tsiku lina anatsegula boneti n'kundinyamula kuti ndione. Injini yake inali yopendekeka, yotsamira mbali imodzi ngati munthu wogona pa chigongono. Anandiuza kuti, "Mphwanga, iyi siifa. Ukaipatsa oyilo ndi madzi, idzakuika m'manda ndi iyo." Patapita zaka ndinadzadziwa kuti imeneyo ndi injini ya Chrysler yotchedwa Slant Six, ya masilinda sikisi, malita 3.7, yomwe anaipendeketsa dala kuti boneti itsike. Valiant inkamangidwa ku South Africa komweko, chiwongolero chili kumanja ngati magalimoto athu, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 inali m'gulu la magalimoto ogulidwa kwambiri m'dzikomo. M'makomboni a anthu akuda ndiyo inali takisi. Ya malume inanyamula odwala kupita ku Zomba, inanyamula akwati, inanyamula matumba a chimanga, ndipo pamene malumewo ankamwalira mu 1996 inali ikulirabe. Abale anaigulitsa ine ndili kutali. Mpaka lero nkhani imeneyi sindiikamba pamaso pa anthu ena a kwathu, chifukwa mawu amanditsamwa.

Ndiye pamene ndinayamba kugwira kandalama, mtima unali pa galimoto ya ku America basi. Koma m'malo mofunafuna ngati ya malume, maso anakopeka ndi Mustang. Ndani sangakopeke? Ford inaitulutsa pa 17 April 1964 ku chionetsero cha ku New York, ndipo zaka ziwiri zisanathe inali itagulitsa zoposa miliyoni imodzi. Mu 2014 ndinapeza ya 1966 pa intaneti, yofiira, kwa wogulitsa wina wa ku Ohio. Ananditumizira zithunzi makumi atatu. Zonse zinali za pamwamba: penti yonyezimira, mipando yatsopano, injini ya V8, ya masilinda eyiti, yopukutidwa bwino. Chithunzi cha kunsi panalibe ngakhale chimodzi, ndipo ine sindinafunse.

Inadzera ku Dar es Salaam, inalowera pa Songwe itakwera lole. Tsiku limene tinaitsitsa ku Blantyre anthu anadzaza pabwalo. Mawa lake ndinaitana amdala ena a ku Ndirande amene akhala akukonza magalimoto chiyambire nthawi ya Kamuzu. Sanayang'ane penti. Anagwada pa tayala lakutsogolo n'kuwerenga mabawuti ndi chala: imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi. Anadzuka n'kunena kuti, "Bwana, injini iyi si yake." Zinali zoona. Mustang za zaka zimenezo zobadwa ndi V8 zimakhala ndi mabawuti asanu pa tayala, zobadwa ndi masilinda sikisi zimakhala ndi anayi. Tinawerenga nambala ya kufakitale ya galimotoyo, chilembo chachisanu chinali T, kutanthauza injini yaing'ono ya malita 3.3. Ikanakhala V8 ya 289, kutanthauza ya malita 4.7, yochokera kufakitale pakanalembedwa C, A kapena K. Wina anangoponyamo injini yaikulu n'kusiya mabuleki ang'onoang'ono ndi miyendo ya galimoto yopepuka.

Kenako amdalawo anatulutsa m'thumba kamaginito kochokera mu sipika yakufa ya wailesi, anakakulunga m'kansalu kuti kasakande penti, n'kuyamba kukayendetsa m'munsi mwa zitseko. Pachitsulo kankamata. Kuseri kwa tayala lakumbuyo kanagwa pansi. Anakatola, anayesanso, kanagwanso. Pamenepo panalibe chitsulo, panali phala lomatira lija amisiri amati filler. Pomaliza anapempha ndowa ya madzi n'kuithira pa timabowo ta mpweya tili pakati pa boneti ndi galasi lakutsogolo. Tinasuzumira m'kati, madzi akudontha pa kapeti pamene dalaivala amaponda. Titakweza kapetiyo ndinaona dothi la pabwalo panga kudzera pa chibowo cholowa chibakera. Chikomekome cha mkuyu. Ndinakhala pansi pomwepo, mawu osatuluka.

Ku Ohio, Michigan, New York ndi madera ena a kumpoto amathira mchere m'misewu nyengo yachisanu kuti madzi oundana asungunuke, ndipo mcherewo umadya chitsulo kuyambira kunsi. Mustang ilibe chasisi yapayokha, thupi lake lomwelo ndiye msana wake, choncho dzimbiri likadya pansi ladya galimoto yonse. Zinanditengera zaka zinayi, zitsulo zoitanitsa ndi wowotcherera wodekha kuti iime bwinobwino, ndipo ndalama zokonzera zinaposa zogulira. Za mkazi wanga ndi zimene tinadutsamo m'nyumba pa zaka zimenezo sindilemba pano, koma dziwani kuti galimoto yotere imalowa mpaka kuchipinda.

N'chifukwa chake funso lakuti "iti yokongola" ndimalikana. Injini imakonzeka, giyabokosi imakonzeka, mipando aliyense wosoka ku Limbe kapena ku Mchesi akhoza kuikuta. Thupi lodyedwa ndi dzimbiri ndi limene limamaliza munthu. Galimoto yosuluka penti ya ku Arizona, New Mexico kapena kumadera ouma a California ndi Texas ndiyabwino kakhumi kuposa yonyezimira ya kumpoto. Penti yatsopano pa galimoto yogulitsa ine tsopano ndimaiopa.

Cadillac ya 1959 ndiye musaiyerekeze n'komwe. Ndikudziwa kukongola kwake, ndipo sindikuinyoza. Koma ndi yotalika pafupifupi mamita 5.7, imalemera matani oposa awiri, injini yake ndi ya malita 6.4, ndipo ndi yogwa pansi, mchira wake wautali. Ganizirani mahampu athu, ganizirani msewu wolowera kwanu mu February. Ganizirani mzere wa pa filing'i siteshoni mafuta akasowa, inu muli ndi chinthu chomwa petulo ngati ng'ombe ya m'chilimwe. Magalasi ake opindika, zokongoletsa zake za chrome ndi timamota take ta mawindo mukaswa kapena zikafa, mudzadikira miyezi ndipo mudzalipira madola. Madolawo muwapeza kuti? Amene anali ndi ngongole ya kunja mu November 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, akudziwa chimene ndikunena. Galimoto imeneyo ndi ya munthu amene ali kale ndi zina zitatu komanso galaja yofolera.

Za petulo ndiwonjezere pang'ono, poti anthu ambiri saziganizira. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi kuchigwa cha Shire. Mapaipi a labala akale ndi timalabala ta m'kabuleta ndi m'pampu ya mafuta sizinapangidwire zimenezo, zimafewa kapena kung'aluka, ndipo petulo akadontha pa injini yotentha nkhani yake mukuidziwa. Sinthani mapaipi onse galimoto isanayende ulendo woyamba. Injini zambiri za zaka za m'ma 1960 zinapangidwiranso petulo wa mtovu amene kulibenso, ndiye mukadzatsegula mutu wa injini mudzaikiretu mipando yolimba ya mavavu. Ndipo gulani masipanala a mainchesi. Makaniko wozolowera Toyota akakakamiza sipanala ya mamilimita pa bawuti ya ku America amangoilalitsa mutu.

Za chiwongolero

Apa ndiye pamene ndaumirapo mtima kwambiri. Ife timayenda kumanzere kwa msewu, Amereka amayenda kumanja, choncho chiwongolero chawo chili kumanzere. M'tauni munthu umazolowera. Koma khalani kumbuyo kwa thiraki ya fodya pa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, mukufuna kuipitirira. Inu muli kumbali ya udzu. Kuti muone kutsogolo muyenera kutulutsa theka la galimoto mumsewu wa eni ake, kapena kudalira maso a amene mwakhala naye. Ine ndinasiya kupitirira malole ndikakhala ndekha, ndimangotsatira pambuyo mpaka itakhota. Mustang yakale ya chiwongolero chakumanja yochokera pa mzere wa fakitale ku America kulibe, zimenezo zinayamba mu 2015. Musanatumize ndalama pitani ku Road Traffic mukafunse za kalembetsedwe ka galimoto ya chiwongolero chakumanzere, ndipo yankho lake likhale lolemba.

Chimene chimandipweteka n'chakuti yankho linali pafupi nthawi yonseyi, malume anali atandionetsa kale. Ford ndi General Motors ankamanga magalimoto ku Port Elizabeth, mzinda umene tsopano ukutchedwa Gqeberha, chiyambire zaka za m'ma 1920. Impala imene mukuifunayo inkamangidwa kumeneko kuchokera ku zidutswa zotumizidwa kuchokera ku Canada, chiwongolero chili kumanja. Valiant nazo zilipo. Kumtunda kwa South Africa, ku Gauteng, Free State ndi ku Karoo, mpweya ndi wouma ndipo chitsulo chimasungika. Mukhoza kukwera basi, kukagona pansi pa galimotoyo ndi tochi ndi maginito anu, n'kuibweretsa pa lole kudzera ku Mwanza osawoloka nyanja. Kungoti muchenjere ndi mayina: Chevrolet zina za kumeneko monga Kommando ndi Constantia zinali Holden za ku Australia zovekedwa dzina la Chevrolet. Ndi magalimoto abwino, koma zipangizo zake zambiri si za ku America.

Tili ndi abale ambirimbiri ku Joni, ena mwa iwo amakaniko. N'chifukwa chiyani timathamangira kukhulupirira mlendo wa kutsidya kwa nyanja amene sitidzamuona nkhope, kusiya mwana wa azakhali amene angapite Loweruka kukaigogoda galimotoyo?

Msonkho musauiwale. A MRA amawerengera pa mtengo wogulira kuphatikiza inshuwalansi ndi zonyamulira, ndipo msonkho wa galimoto umakwera galimotoyo ikakhala yakale komanso injini ikakhala yaikulu. Galimoto mukufunayi ndi yakale kwambiri ndiponso ya injini yaikulu kwambiri. Pitani kwa ejenti wodziwika akuwerengereni papepala musanagule. Ndaonapo magalimoto akuwola pa chipata eni ake atalephera kuwawombola.

Ngati mtima wakana zonsezi ndipo mukufuna ya ku America konko, mwa zitatu zija tengani Mustang ya 1967, ya denga lolimba wamba, ya V8 ya 289 kapena ngakhale ya masilinda sikisi. Ndi yaing'ono mwa zonse, zipangizo zake zikupangidwabe zatsopano pafupifupi chilichonse, ndipo chaka chimenecho mabuleki anali atawagawa pawiri, kuti paipi imodzi ikaphulika ina igwirebe. Ya 1966 ngati yanga inalibe zimenezo. Impala ibwere pachiwiri, ya injini ya 283 kapena 327, ndipo muyang'anitsitse chasisi yake yopingasa ija ngati X. Lipirani munthu wapadera, wosadziwana ndi wogulitsa, akaikweze m'mwamba n'kujambula kunsi. Nambala ya pagalimoto ifanane ndi ya pa title, chikalata cha umwini, chifukwa a kasitomu a ku America amafuna chikalatacho maola 72 galimoto isanatuluke m'dziko. Itumizeni mu kontena, muikemo mapaipi, malamba, mafyuluta, zida za mabuleki ndi pampu ya madzi yapadera. Pa ndalama mwasungazo, zogulira zisapitirire theka.

Mustang yanga ikuyenda tsopano. Ndimaitulutsa Lamlungu m'mawa misewu ili zii, kupita ku Zomba n'kubwerera, ndipo podutsa pa Thondwe ndimachepetsa liwiro. Valiant yobiriwira ndikuifunafunabe. Inu mukapeza imene yakugwirani mtima, nditumizireni nambala yake ndi zithunzi za kunsi, tizione limodzi musanatumize dola ngakhale imodzi.